Pepala Loperewera Mkono Umodzi

Chimphepo cha kumapeto kwa Okutobala chinasankha nyumba imodzi pa mzere wonse wa kumtunda kwa Machinjiri, ndipo pa nyumbayo chinasankha chipinda chimodzi. Malata a chipinda cha Thandie ndi mwamuna wake Chancy anakapezeka m'munda wa eni ake kutsidya kwa khwawa, atapindika ngati chitini chopondedwa ndi lole. Anali malata ogulidwa ali akale kale. Powatola, dzimbiri linkangoyoyoka.

Chipindacho chinali chophatikiza kumbuyo kwa nyumba ya makolo a Chancy. Chinali ndi khomo lakelake lotulukira panja, ndipo khomo limeneli ndi lomwe linachititsa Thandie kuvomera kudzakhala pa apongozi, ntchito itakana kupezeka. Digiri yake ya sayansi ya zipangizo inali m'sutikesi pansi pa bedi, pamodzi ndi nsapato za paukwati. Ukakhala ndi khomo lako umatha kutseka, kumasula chitenje, n'kuyamwitsa mwana utatambalala mmene ukufunira. Koma khomo lopanda denga n'chiyani? Mvula ikanagwa chipindacho chili chosafolera, kotsala kunali kuwiri: kugona pabalaza pa apongozi, pamphasa kuseri kwa sofa, kapena kubwerera ndi mwana kwa amayi ake ku Bangwe, kumene mkamwini analibe pogona.

Za malata atsopano panalibe amene anazitchula. Chancy, yemwe ankagwira ganyu m'shopu ya mafoni ku Limbe, anabwera madzulo ndi mpukutu wa pepala lakuda la pulasitiki paphewa, akuti ligwirizire kaye mpaka zinthu zitayenda. Bambo ake, a Herbert Likoswe, analiyala pabwalo, n'kuliyeza ndi chingwe, n'kukwera kukayeza mapaso. M'lifupi linakwana. Kuchokera pamsonga pa denga kufika kumapeto kwa khoma, linaperewera mkono umodzi.

“Lifika,” anatero.

A Likoswe anakalambira pa ntchito yokuta masofa ku Ndirande. Maso atayamba kuchita chimbuuzi anaisiya, koma manja sanaiwale. Ankadana ndi makwinya ngati mmene ena amadanira ndi bodza. Chingwe choyanikira zovala pakhomopo chinkalira ukachikhudza. Nsalu ya pa tebulo anaikhomera misomali kunsi kuti isamasunthe. Kwa iwo chinthu chinali chabwino chikakhala chokungika, ndipo pa moyo wawo wonse sanaonepo nsalu kapena chikopa chimene chinakana kufika pamene ankachifuna.

M'mawa mwake analiyalanso pepalalo padzuwa, miyala m'makona, kuti lifewe. Thandie ataona zimenezo ali pa mpopi anadziwa chimene chinkabwera, ndipo anangomva kutopa m'mapewa.

Chaka chake chomaliza ku yunivesite anachithera pa kukoka timizere ta pulasitiki wa mtundu womwewu pa makina, mpaka titaduka. Pulasitiki wotere amapangidwa ndi tinthu tatitali ngati ulusi, tosaoneka ndi maso. Mbali zina za ulusiwo zimakhala zopindidwa bwinobwino m'timitolo tolimba, ngati zitenje za pa shelefu, ndipo pakati pa timitoloto pamakhala ulusi wongopiringizana. Ukakoka pang'ono, wopiringizanawo ndi umene umawongoka, ndipo ukasiya umabwerera. Ukapitiriza, timitolo tija timapendekera, n'kuyamba kutsetsereka, kenako timaphwasuka. Apo ndiye palibenso kubwerera. Ulusi wonse umagona moyang'ana kumene ukukokera, pepala limapyapyala, limalimba kwambiri m'litali, koma m'mbali silikhalanso ndi chogwirana nacho. Zimenezi anazilemba m'Chingelezi masamba ambirimbiri, ndipo anakhoza bwino.

Vuto linali lakuti a Likoswe anali apongozi ake aamuna. Chikwatiwireni, mawu amene anadutsa pakati pawo anali moni, iye atagwada chapatali, iwo akuyang'ana kumbali. Madzi osamba ankawapatsira kudzera mwa amayi a Chancy. Sikunali kudana ayi. Bamboyo ndi amene ankamusiyira mapapaya akupsa pawindo, osanena kanthu. Koma mpongozi kukaima pamaso pawo n'kunena kuti ntchito ya manja awo ilakwika, pakhomo pawo pomwe, zimenezo zinalibe poyambira.

Thandie anayambira kwa Chancy, yemwe ankapukuta nsapato mothamanga.

“Uwauze adadi asalikoke. Aliyale momasuka, alipanikize ndi timatabwa pamwamba. Mkono wotsalawo tiika zidutswa za malata aja.”

“Chifukwa?”

“Likakokedwa ling'ambika.”

“Pulasitiki si amatamuka?”

“Amatamuka, koma sabwerera ali yemweyo. Ndakufotokozera kangati zimenezi?”

“Nthawi ija ndinkakufunsira, ndimangovomera zilizonse.” Anaseka yekha, kenako ataona nkhope ya mkazi wake anasiya. “Chabwino, ndiwauza.”

Thandie anamva zonse ali m'chipinda chopanda dengacho.

“Adadi, akuti musalikoke kwambiri.”

“Akutero ndani?”

“Ayi, basi, anthu amatero.”

“Anthuwo anakutapo chiyani?”

Chancy anayang'ana foni, n'kunena kuti wachedwa.

Kenako Thandie anapita kwa apongozi aakazi, omwe ankasankha nyemba pakhonde. Anagwada, n'kufotokoza pang'onopang'ono, kusankha mawu ngati mmene mayiwo ankasankhira nyembazo. Iwo anamvetsera mokoma mtima, akugwedeza mutu. Atatha anadzuka, n'kukaima pakona pa nyumba.

“Bambo a Chancy, apongozi anu akuti musamale pokoka, mungagwe.”

“Auzeni zikomo,” anayankha a Likoswe.

Dzuwa litafika pamutu kunabwera a Haruna, oyandikana nawo nyumba, osoka nsapato, amene ankakangana ndi a Likoswe za mpira kuyambira onse ali ndi tsitsi. Anabwera ndi makwerero ndi chitini cha zitsekerero za mabotolo zoti azikhomerapo misomali kuti isang'ambe pepala. Awiriwo anakhomera pepalalo pamsonga pa denga, n'kukulunga mapeto ake pa mtengo wautali woti azikokera pansi.

Thandie anatenga mwana wake Mayamiko, wa miyezi inayi, n'kukakhala pamthunzi wa mpeyala, pafupi ndithu ndi khoma. Anatola kachidutswa ka pepalalo kamene kanatsala podula m'mbali. Panali njira imodzi yotsala, imene anaiona kwa azakhali ake ali mwana. Anamukhazika Mayamiko pamiyendo, n'kukweza mawu kuposa mmene khanda limafunira.

“Maya, taona kuno. Ukuona kapepala aka? Ndikakakoka pang'ono chonchi, kabwerera. Waona? Tsopano ndikoke kwambiri.”

Nyundo ya padenga inasiya kulira.

“Taona pakatipa. Payamba kuwonda ngati khosi la nkhuku, ndipo kuwondako kukuyenda. Pamene panali pakuda pasanduka potuwa. Mkati muno, mwana wanga, muli tiulusi tambirimbiri. Tinali titapindidwa m'timitolo, tina kuyang'ana uku, tina uko, n'chifukwa chake kapepala kanali kolimba mbali zonse. Pano timitolo taphwasuka, tonse tagona njira imodzi. Ndikokenso m'litali, sikaduka, kakundicheka chala. Koma taona m'mbalimu.”

Analowetsa chikhadabo pamalo potuwapo. Kapepalako kanang'ambika kosalira n'komwe, molunjika, kuchokera uku kufika uko.

“Nsungwi, Maya. Kuithyola pakati ndi ntchito ya bambo, koma kuing'amba m'litali ngakhale iwe ungathe. Ndiye pepala lotere ukalikhomera msomali, bowo la msomaliwo ndi chikhadabo changa.”

Mayamiko anagwira kachidutswako n'kufuna kukadya.

A Haruna anatsokomola. “Achimwene, kalasi yayamba pansipa. Mwalipira fizi?”

A Likoswe sanaseke. Ali chikhalire pa phaso, nawonso analankhula mokweza, nkhope ataloza kwa mwana.

“Mayamiko, mdzukulu wanga, wadzuka bwanji? Uwauze amayi ako kuti agogo amva. Uwauzenso kuti pepala lomasuka limasunga madzi ngati beseni, ndipo mphepo ikalowa pansi pake limawomba m'manja usiku wonse mpaka lithothoke.”

“Maya, uwauze agogo kuti n'zoona. N'chifukwa chake pamafunika timatabwa pamwamba, tolipanikiza.”

“Uwafunse amayi ako, timatabwato tili kuti?”

Timatabwa panalibe.

“Nsungwi zilipo kudimba kwanga,” anatero a Haruna, akuyang'ana m'chitini chawo. “Kungoti n'zaziwisi.”

“Ndiye mkono wotsalawo tiikepo zigamba za dzimbiri,” a Likoswe anapitiriza kuuza mwanayo, “aliyense wodutsa pamsewu aziona kuti kwa Likoswe, amene anakuta mipando ya mabwana, mpongozi amagona pansi pa chigamba. Ayi, Mayamiko. Agogo ako anakokapo zikopa za ng'ombe. Ichi n'chipepala chabe.”

“Maya, chikopa ndi china. Ulusi wake unalukana mbali zonse.”

Anazindikira kuti wanena msanga, mawu a bamboyo asanathe kugwa pansi. Apongozi aakazi anaika lichero pansi mwaphokoso pang'ono.

“Amake Maya, mwanayo dzuwa lamukwana. Kamugonekeni.”

Pamenepo nkhani inatha. Thandie anabereka mwana, n'kulowa m'chipinda, n'kukhala pa bedi. Pamwamba pake pepala lakuda linali litaphimba kale mapaso, kusiya mpata wa mkono umodzi kumunsi, pamene thambo linkaonekera.

“Kokani, a Haruna.”

“Ndikukoka. Inu mukungogwira ngati mwanyamula mbale ya mgonero.”

“Tiyeni pamodzi. Lafewa ili.”

Poyamba pepala linalimbalimba. Kenako linagonja, ndipo Thandie anadziwa nthawi yake yeniyeni, chifukwa a Haruna anati, “Eya, layamba kumvera.” Pa makina a ku yunivesite, pamenepa ndi pamene mzere wa pa kompyuta unkafika pamwamba n'kugwa pang'ono. Apa panalibe kompyuta. Panali timizere totuwa timene tinayamba kuoneka pakati pa mapaso, n'kumakula, n'kumalowetsa kuwala kofiirira ngati kwa tiyi wopanda mkaka. Mpata wa thambo uja unachepa, unachepa, mpaka unatsekeka. Nyundo inayamba kulira m'mphepete mwa khoma, msomali ndi chitsekerero chake, msomali ndi chitsekerero chake.

Kunja dengalo linkaoneka bwino kwambiri, zimenezo Thandie sakanakana. Linali losalala ngati mpando wa mu ofesi ya bwana. A Likoswe analigogoda ndi chala, ndipo linalira ngati ng'oma.

Chancy atabwera analizungulira, manja m'thumba.

“Si ili lafika?” anatero chapansipansi.

“Lafika.”

“Ndiye?”

“Ndiye palibe. Madzi ako ali kubafa.”

Mvula yoyamba inagwa patapita masiku ochepa, yamawawa, yopanda mphepo. M'chipinda simunalowe dontho. Apongozi aakazi anabwera kudzaona, n'kuyendetsa dzanja pa bulangete.

“Mouma bwinobwino,” anatero. “Bambo aja manja awo ndi ena.”

“Zoonadi, amayi.”

Ndipo Thandie anafunitsitsa kuti zikhale choncho. Analibe nazo ntchito zopambana mkangano umene panalibe anavomera kuti unachitika. Akanakondwa kukhala wolakwa mpaka Epulo, anthu n'kumamuseka kuti sukulu inamupatsa mantha a pepala. Anayamba kudziuza kuti mwina zitsekerero zija zigwira, mwina sanakoke mofika pamene iye ankaganiza.

Kenako kunabwera dzuwa la pakati pa mvula, lija lowotcha ngati lili ndi mangawa. Masana pepala linkatentha moti sukanaligwira. Ulusi wokokedwa ukatenthedwa umafuna kudzipindanso, koma misomali inali itaugwira uku ndi uku. Thandie akamayamwitsa ankamva denga likuchita timaphokoso, ngati munthu akuthyola zala. Tsiku lina anakwera pa mpando n'kuyang'ana m'mphepete mwa khoma. Mabowo a misomali sanalinso ozungulira. Anali atatalika ngati diso la singano, onse kuloza kumsonga.

Anasuntha bedi kulichotsa pansi pa mizere yotuwa kwambiri. Sutikesi anaikweza pa mpando n'kuiphimba ndi beseni. Chancy anafunsa chifukwa chake, iye anati akusesa.

Linali Lachinayi masana, Chancy ali ku Limbe. Mitambo inachokera cha ku Chiradzulu, yakuda bii, mphepo ili patsogolo ikuthamangitsa majumbo ndi fumbi. Thandie anali atangoanula matewera. Mphepo inalowa pansi pa denga, pepala linatupa kamodzi, n'kubwerera, n'kutupanso. Kenako panamveka phokoso lija limamveka m'shopu wogulitsa akamang'amba nsalu atangoidula pang'ono ndi sizasi. Mng'alu unayambira pa msomali wa pakati n'kuthamanga molunjika mpaka pamsonga. Wachiwiri unatsatira pambali pake. Mvula inafika pepala lili kale malamba atatu akuuluzika, aliyense wolimba bwinobwino, wokhomeredwa kumwamba ndi kumunsi.

Sanakuwe. Ananyamula Mayamiko, n'kumufunditsa chitenje, n'kuzungulira nyumba kukagogoda khomo lakumaso. Anabwereranso kukatenga sutikesi. Matiresi anaisiya, inali itamwa kale.

Pabalaza apongozi aakazi anakankhira tebulo kukhoma n'kuyala mphasa kuseri kwa sofa.

“Apa mukwana bwinobwino ndi mwana. Chancy agona pa sofapo. Ndi kwanu kuno, musamangike.”

“Zikomo, amayi.”

Anakhala pamphasapo, zovala zikudontha. Mwana anayamba kulira njala. A Likoswe anali pa mpando wawo pafupi ndi wailesi, ndipo atazindikira chimene chinkafunika anadzuka n'kukaima pakhonde, pamene mvula inkawawaza m'miyendo. Anaima pomwepo mpaka mwana atakhuta. Thandie ankawaona msana pa galasi la windo. Mayamiko ankayamwa kasanu kapena kuposa dzuwa lisanalowe, ndipo mvula inali isanayambe n'komwe kugwa mwa masiku onse.

M'mawa mwake Thandie analongedza zovala za mwana ndi zake. Chancy anapempha kwa abwana ake kuti achedwe. Anaima pakhomo la chipinda chonyowacho, akuyang'ana matope amene anali pansi.

“Tikanayesa pabalaza sabata imodzi.”

“Adadi aziima pakhonde mpaka liti?”

“Ndigula pepala lina.”

“Ugule lokwana.”

“Thandie, ukanangowauza bwinobwino tsiku lija.”

Thandie anamuyang'ana. Anafuna kuyankha, koma yankho lake linali lalitali kwambiri, ndipo mwana anali atayamba kulemera kumsana.

A Likoswe anali kuseri, atatsitsa malamba a pepala aja n'kuwaunjika pansi pa mpeyala. Anali atakhala pa chitsa, lamba mmodzi ali m'manja. Thandie anagwada chapatali.

“Ndimati nditsanzike. Ndikukaona amayi ku Bangwe.”

Bamboyo anayang'ana kumbali, monga mwa masiku onse. Zala zawo zinkang'amba m'mphepete mwa pepalalo, timizere tating'ono tolunjika, ngati sakudziwa kuti akutero.

“Mayamiko,” anatero, “uyende bwino. Ukawapatse moni agogo ako. Ukawauze kuti malata akubwera.”

Panalibe amene anafunsa kuti akuchokera kuti.

Njira yopita ku siteji inali yoterera. Chancy ananyamula chikwama, Thandie ambulera. Minibasi ya ku Limbe inali itaima, kondakitala akumenya chitseko ndi chikhatho, akuti kwatsala anthu awiri pamene mkati munali mipando yoposa theka yopanda anthu. Anakhala pa mzere wakumbuyo. Ku Limbe Chancy akatsikira ku shopu, Thandie akakwera ina.

“Ndizibwera Loweruka,” anatero Chancy.

“Uzibwera.”

“Ndikhoza kumagona konko, n'kubwerera Lamulungu.”

“Udzagona pati?”

Chancy anatulutsa foni, n'kuyang'ana nthawi, n'kuibweza m'thumba. Panakwera mayi wina ndi dengu la tomato, kondakitala n'kuwauza kuti asunthe pang'ono. Anasuntha.